Kufulasha Jetson Orin Nano kuchokera pa kompyuta ya Ubuntu

Mukatsegula katoni ya Jetson Orin Nano Developer Kit, kakompyuta kakang'ono ka NVIDIA koyendetsera ma modelo a AI, mupezamo bodi ndi chaja chake cha 19V, basi. Mulibe microSD, mulibe SSD, ndiye ngakhale muilumikize kumagetsi pompo palibe Linux yomwe ingadzuke, fani ingozungulira chabe. Anthu ambiri amathamangira kulemba image pa khadi la microSD n'kulowetsa, ndipo nthawi zina zimayenda bwinobwino, koma ine ndimalimbikitsa kuti mudutsire pa kompyuta ina, host, ndi pulogalamu ya NVIDIA yotchedwa SDK Manager. Chifukwa chake n'chakuti pa module, kabodi kapamwamba komwe kali ndi CPU ndi GPU, pali kachipu kakang'ono ka QSPI komwe kamasunga firmware yodzutsira bodi, ndiye mabodi oyambirira aja a 2023 anatuluka ndi firmware ya nthawi ya JetPack 5 (JetPack ndi phukusi la NVIDIA la Linux ndi mapulogamu a Jetson), moti mukangoikamo khadi la JetPack 6 bodi imakana kudzuka, inu n'kumaganiza kuti mwagula yakufa. Mukafulasha kuchokera pa host, QSPI ija imalembedwanso limodzi ndi zina zonse, komanso mumatha kuika dongosolo lonse pa NVMe SSD yomwe ndi yothamanga kutali kuposa khadi. Amene munafulashapo foni ya Android pa kompyuta mukudziwa kale mmene zimakhalira, nkhani yake ndi yomweyo, kungoti kuno mafayilo ndi akuluakulu.

Tiyambe ndi host. Ikhale kompyuta ya Intel kapena AMD, ya 64-bit, yokhala ndi Ubuntu 22.04 kapena 20.04 ngati mukufuna JetPack 6. Raspberry Pi ayi, Mac ya chipu cha M1 kapena M2 ayinso. Sikuti mpaka ikhale ndi GPU ya NVIDIA, laputopu wamba ikwanitsa, bola RAM ifike 8GB ndipo pa disiki pakhale malo, ine ndimati siyani 40GB kapena kuposa kuti musapanikizike pakatikati. Disikiyo ikhale ya ext4. Ena malo akachepa amaloza mafayilo ku external ya NTFS, zimenezo zimawononga ma permission ndi ma link a Linux ndipo bodi idzadzuka yosokonekera kapena osadzuka n'komwe.

Za VirtualBox ndi VMware, mapulogamu oyendetsera Ubuntu mkati mwa dongosolo lina ngati Windows (VM), abale, ngati mungathe zipeweni. Pofulasha bodi imazima pa USB n'kubweranso ndi dzina lina kangapo konse, ndiye VM imaitaya panthawi yolakwika, ntchito n'kuima pomwepo. Kuli bwino kuika Ubuntu pambali pa Windows kapena pa SSD ina yapadera.

Chinanso, onetsetsani bodi yomwe muli nayo. Jetson Nano ya 2019 ija, ya 4GB ndi micro-USB, ndi ina ndithu, inathera pa JetPack 4.6 ndipo imafuna host ya Ubuntu 18.04. Mayina akufanana koma zomwe ndikulemba panozi ndi za Orin Nano.

Tsegulani akaunti ya NVIDIA Developer, ndi yaulere, mudawunilode fayilo ya .deb ya SDK Manager, kenako pa Terminal mulowe mufoda yomwe yagweramo n'kulemba

sudo apt install ./sdkmanager_*_amd64.deb

Ikatha lembani sdkmanager, ikutumizani ku browser kuti mulowe ndi akaunti ija. Pa STEP 01 mumasankha bodi ndi JetPack. Pali kabokosi ka Host Machine, kachotseni chizindikiro ngati simukufuna CUDA, pulogalamu ya NVIDIA yogwiritsira ntchito GPU, pa kompyuta yanuyo, muchepetsa zodawuniloda zambiri. Pa STEP 02 mumavomera layisensi, ndipo m'munsimo muli Download now. Install later. Ngati intaneti yanu ndi yodukaduka gwiritsani ntchito kameneko, zonse zitsike kaye zithe, za bodi mudzazigwire pambuyo mtima uli m'malo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge modekha chifukwa mavuto ambiri amabadwira pano, pakati pa bodi ndi host, osati mu pulogalamu ayi. Bodi iyenera kulowa Force Recovery Mode kuti host iilembe. Zulani chaja kaye, bodi ikhale yozimiratu. Ngati mukuika SSD ino ndiye nthawi yake, itembenuzeni bodi, pansi pali malo awiri a M.2 Key M, aatali ndi aafupi, lowetsani NVMe yanu mumange kasikuluwu. Ikhale NVMe, ya M.2 SATA siigwira ngakhale imaoneka yofanana. Kenako yang'anani m'mphepete mwa bodi kunsi kwa module, mbali yomwe kuli kabowo ka microSD, muona mzere wa mapini 12 wotchedwa J14. Timalemba take ndi tating'ono kwambiri, walitsani tochi ya foni, mupeza pini yolembedwa FC REC ndi ina yoyandikana nayo yolembedwa GND, ndi pini 10 ndi 9. Ziwirizo zilumikizeni ndi kajampa kapena kawaya ka female to female. Werengani zolembazo kawiri musanalumikize, pamzere womwewo palinso mapini a reset ndi a batani loyatsira. Mukatero lowetsani kebulo mu USB-C ya bodi, mbali inayo ku host, ndiye pomaliza penipeni lowetsani chaja. Dongosolo lake ndi limenelo, kajampa, kebulo, kenako magetsi, chifukwa bodi imaona pini ija panthawi yomwe ikuyaka yokha basi.

Sikirini siionetsa kanthu ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Pitani pa host mulembe lsusb. Mukufuna kuona mzere wokhala ndi 0955:7523 NVIDIA Corp. APX. Nambala 0955 ndi ya NVIDIA, 7523 ndi Orin Nano ya 8GB, ikakhala ya 4GB muona 7623. Mzerewo ukaoneka chotsani kajampa, ntchito yake yatha, mukakasiya bodi izingobwerera mu recovery nthawi iliyonse ikayaka. Mukaona 0955:7020 ndiye kuti bodi yadzuka mu Linux yomwe inalimo kale, sinalowe recovery, zimitsani muyambirenso. Mukapanda kuona NVIDIA paliponse musadine Flash, musayambe kusinthasintha JetPack kapena kufufuta SDK Manager, vuto silili kumeneko. Kawirikawiri ndi kebulo. Makebulo ambiri a USB-C ndi otchajira okha, mulibe mawaya a data, ndipo kunja amaoneka chimodzimodzi. Yesani kebuloyo ndi foni, ngati kompyuta ikuona mafayilo a mufoni ndiye kuti ndi yabwino. Ikhale yaifupi, ilowe mwachindunji mu kompyuta osadutsira pa hub, ndipo pa desktop mapoti akumbuyo ndi odalirika kuposa akutsogolo.

Musanapitirire konzani zinthu ziwiri pa host. Choyamba Linux imakonda kugoneka zida za USB kuti isunge magetsi, ndipo ikagoneka bodi ili pakati polandira mafayilo mumaona uthenga uja wa might be timeout in USB write. Itsekeni ndi

sudo bash -c 'echo -1 > /sys/module/usbcore/parameters/autosuspend'

kenako zulani kebulo mulowetsenso. Chachiwiri, pofulasha ku NVMe bodi imadzutsidwa kaye ndi ka Linux kakang'ono kongoyembekezera, kenako imakoka mafayilo ku host kudzera pa netiweki yodutsa mu kebulo ya USB yomweyo, pa NFS, njira ya Linux yogawanira mafayilo pa netiweki. Ndiye firewall ikakhala yoyaka kapena VPN ili mkati, bodi imangodikira mpaka nthawi kutha. Zimitsani VPN, lembani sudo ufw disable, mudzayatsenso mukamaliza. Laputopu ikhale pa chaja ndipo muiletse kugona, osatseka chivindikiro.

Bwererani ku SDK Manager. Iyenera kuizindikira bodi yokha n'kukufunsani kuti ndi iti, sankhani ya developer kit ya 8GB. Pa STEP 03 imayamba yamanga image pa host, zimatenga kanthawi, kenako kumatuluka windo lofunsa zingapo. Pa setup mode sankhani Manual poti mwailowetsa kale mu recovery ndi manja. Pa OEM Configuration pali Pre-Config ndi Runtime. Tengani Pre-Config, mulembe dzina ndi pasiwedi pomwepo, bodi idzadzuka yokonzeka kale osafuna sikirini kapena kiyibodi. Izi n'zothandiza chifukwa bodi imeneyi ilibe HDMI, ili ndi DisplayPort yokha, ndiye ambiri amazindikira zimenezi kebulo ya HDMI ili kale m'manja. Amene mwasankha Runtime koma mulibe sikirini, bodi ikadzuka imaoneka pa host ngati /dev/ttyACM0, lowani ndi sudo screen /dev/ttyACM0 115200 muyankhe mafunso ake momwemo. Pa Storage Device sankhani NVMe, onetsetsani bwino, apo ayi pulogalamu izifunafuna khadi lomwe mulibe. Dinani Flash, manja kumbali. Maperesenti amatha kuima malo amodzi mphindi zingapo, si kuti yafa, tsegulani tabu ya Terminal ya mu SDK Manager muona mizere ikuyenda.

Zikalephera, dinani Export Logs muwerenge mizere yomaliza isanafike error, ndi momwe muli chifukwa chenicheni. Ndipo musanayesenso zimitsani bodi muilowetsenso mu recovery kuyambira pachiyambi, bodi yomwe yalephera kamodzi siilandira bwino ulendo wachiwiri ngakhale lsusb ikuionetsabe. Amene mukufuna kuchita zimenezi nthawi yaitali gulani ka USB to TTL ka 3.3V, mulumikize pa UART TXD, UART RXD ndi GND pa J14 pomwe paja, TX ya uku ku RX ya uko, liwiro 115200. Pamenepo bodi imalankhula zonse kuyambira sekondi yoyamba, ngakhale sikirini ili bii.

Kufulasha kukatha anthu ena amazula kebulo kuganiza kuti basi zatheka, koma imeneyo ndi theka chabe. Chomwe chalowa ndi Jetson Linux, yomwe pa JetPack 6 ndi Ubuntu 22.04 ya Arm. CUDA, cuDNN, TensorRT, VPI ndi OpenCV, mapulogamu a AI ndi zithunzi, sizinalowe. SDK Manager itulutsa windo lachiwiri lofunsa IP, dzina ndi pasiwedi. Musafulumire kudina Install, ipatseni bodi mphindi ziwiri zitatu idzuke. Ikadzuka imadzipangira netiweki pa USB-C, iyo imatenga 192.168.55.1, host imapatsidwa 192.168.55.100. Yesani kaye nokha ndi ssh dzina@192.168.55.1, mukalowa ndiye SDK Manager nayonso ilowa. Lumikizaninso kebulo ya Ethernet ku bodi chifukwa mapakeji ena imakatenga yokha pa intaneti. Apt ikamadandaula kuti Release file is not valid yet, onani tsiku ndi lamulo la date, bodi yatsopano imatha kudzuka ndi tsiku lolakwika mpaka itapeza nthawi pa intaneti.

Kunena zoona gawo lachiwirili mutha kulidumpha, dinani Skip, mulowe pa bodi ndi ssh mulembe sudo apt update kenako sudo apt install nvidia-jetpack. Zimabweretsa zomwezo ndipo intaneti ikaduka mumangobwereza lamulolo n'kupitirira pomwe zinalekera. Ine njira imeneyi ndi yomwe ndimaikonda.

Tsopano tione ngati zonse zili m'malo. cat /etc/nv_tegra_release ikuuzani mtundu, R36 ndi JetPack 6, R35 ndi JetPack 5. df -h / ionetse nvme0n1p1, kusonyeza kuti mukuyendera pa SSD. Mukalemba nvcc --version n'kuyankhidwa kuti command not found musadandaule, CUDA ilipo, kungoti siili pa PATH, onjezani mzere wa export PATH=/usr/local/cuda/bin:$PATH kumapeto kwa ~/.bashrc mutsegulenso Terminal. sudo nvpmodel -q imaonetsa mphamvu yomwe bodi ikuyendera. Poyamba kunali 7W ndi 15W, bodi inkafika 40 TOPS (muyeso wa liwiro lake pa ntchito za AI), koma mu December 2024 NVIDIA inalengeza Super mode yomwe inakweza bodi yomweyo kufika 67 TOPS ndi software yokha, ndiye pa JetPack 6.2 mupezanso 25W ndi MAXN SUPER. Nachonso ndi chifukwa china chofulashira JetPack yatsopano m'malo mokakamira yakale. Kuti muone ngati GPU ikugwiradi ntchito yendetsani tegrastats muziyang'ana GR3D_FREQ, kapena ikani jtop ndi sudo pip3 install -U jetson-stats, imaonetsa zonse pasikirini imodzi, kutentha ndi fani zomwe.

Apa pali msampha womwe umakola pafupifupi aliyense. Mukalemba pip install torch mwachizolowezi, PyTorch, pulogalamu yoyendetsera ma modelo a AI, ilowa bwinobwino koma torch.cuda.is_available() iyankha False, modelo izithamanga pa CPU mwapang'onopang'ono, inu n'kumati bodi ndi yofooka pomwe ma CUDA core 1024 angokhala phee. Jetson imafuna PyTorch yomangidwira JetPack yanuyo, tengani ya NVIDIA kapena gwiritsani ntchito ma container a Docker opangidwira Jetson. Ndipo musayerekeze kuchita do-release-upgrade ngakhale Ubuntu ikunyengerereni bwanji, ma driver a GPU ndi omangirizidwa ku mtundu womwe mwafulashawo.

Kagwiridwe kabwino ka ntchito ndi kakuti modelo muziiphunzitsira pa kompyuta yamphamvu, muitulutse ngati fayilo ya ONNX, muitumize ku bodi ndi scp, ndiye engine ya TensorRT, yomwe ndi modelo yokonzedwa kuti ithamange pa GPU, muimangire pa bodi pomwepo:

/usr/src/tensorrt/bin/trtexec --onnx=modelo.onnx --fp16 --saveEngine=modelo.engine

Engine yomangidwa pa GPU ya host siiyenda pa Jetson, imamangidwa motengera GPU ndi TensorRT yomwe yaipanga, ndiye mukadzasintha JetPack mudzaimangenso. Kumanga kumadya RAM, ndipo 8GB ija CPU ndi GPU zimagawana, palibe memori ya GPU yapadera. Ngati trtexec ikufa ndi mawu oti Killed, ndiye kuti RAM yatha, zimitsani desktop ndi sudo systemctl set-default multi-user.target, muyatsenso bodi n'kumalowa ndi ssh, muonjezerenso swap pa SSD. Mukadzafuna desktop ibwerere lamulo ndi lomwelo, kungosintha kumapeto kukhale graphical.target.