Mukapita kunyanja ya mchere ku Mozambique, umu ndi momwe mungapezere malo abwino oonera mbalame

Ife tinazolowera nyanja ya Malawi yomwe madzi ake pomwe wawasiya m'mawa ndi pomwe ukawapeze madzulo, ndiye munthu ukafika ku Inhambane kapena ku Vilankulo ndi bainokyula yako umangoti paliponse pali gombe mbalame zilipo. Ayi ndithu. Kumeneko mbalame zimatsatira madzi, inunso tsatirani madziwo.

Yambani muli kunyumba, data isanakhale vuto. Ikani ma app a eBird ndi Merlin Bird ID mufoni, zonse ndi zaulere. Pa eBird pali mapu a malo omwe anthu anaonako mbalame, koma muziona ndi deti lomwe, malo oti munthu womaliza analembapo zaka 5 zapitazo mwina pano anamangapo loji. Mu Merlin, yomwe imathandiza kudziwa dzina la mbalame yomwe mwaona, mudawunilodiretu mbalame za derali kuti izigwira ngakhale netiweki itathawa.

Kenako, apa ndiye pagona nkhani, dziwani nthawi ya madzi. Nyanja imadzaza kawiri patsiku, pakati pamadutsa maola 12 ndi mphindi ngati 25, ndipo tsiku lililonse imachedwerako pafupifupi mphindi 50, ndiye nthawi ya dzulo musaidalire lero. Madzi akaphwa matope amatambalala mpaka uko ndipo mbalame zimangooneka ngati timadontho. Fikani kutatsala maola awiri kuti adzaze, khalani pansi phee, madziwo azikukusirani mbalame okha mpaka pafupi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima madzi amakwera kwambiri ndipo mbalame zimaunjikana pamchenga wochepa womwe watsala, zoti kuwerenga sungathe.

Chachitatu, sankhani malo onyansirako. Gombe la Tofo, kufupi ndi Inhambane, ndi lokongola posambira koma mbalame zambiri zili kumatope, pomwe mtsinje ukulowa m'nyanja, m'maiwe ophikira mchere ndi m'mitengo yomera m'madzi ija eni ake amati mangal. Cha ku Barra, mbali yoyang'ana ku Inhambane, mumatha kupeza ma flamingo ndi akakowa. Ine yomwe imandigwira mtima ndi whimbrel, yotuwa, mlomo wautali wokhotera pansi, imaulowetsa m'una n'kusolola kankhanu, kukagwedeza miyendo mpaka kuthothoka kenako n'kumeza. Kambalame kameneka kamaswana kutali kumpoto, madera ngati a Russia, kamafika cha mu September kapena October n'kubwerera cha mu March kapena April. Mukakhala ku Vilankulo funsani za dera la San Sebastian ndi zilumba za Bazaruto, kumeneko ndi komwe anthu amakasaka crab plover, yoyera ndi yakuda, mlomo wonenepa wakuda bii.

Chachinayi funsani anthu. Asodzi ndi amayi otola nkhono amadziwa mchenga womwe mbalame zimagonapo kuposa app iliyonse. Apatseni moni kaye, aonetseni chithunzi pafoni, mawu oti maré, kudzaza ndi kuphwa kwa madzi, akuthandizani kwambiri. Wina akakuperekezani mupatseni kangachepe, wasiya ntchito yake. Mukachita hayala boti gwirizanani mtengo komanso nthawi yobwerera musanakwere, chifukwa madzi akaphwa boti limakhala pamchenga ndipo mudikira maola.

Pamatopepo samalani, madzi pobwera amayamba kudzaza timakwalala ta kumbuyo kwanu inu maso ali kutsogolo. Valani nsapato zakale zomanga, zigoba zimacheka ngati lezala. Madzi akumwa, chipewa, mankhwala othamangitsa udzudzu, musasiye. Ndipo chonde mbalame zikapuma pamchenga musaziyandikire mpaka kuuluka pofuna chithunzi, zimenezo zikusunga mphamvu za ulendo wautali.

Za nyengo, ine ndingasankhe October kapena November, zochoka kutali zija zafika koma mvula isanalimbe. January mpaka March ndi nthawi ya anamondwe, Freddy uja asanatifike kuno anayamba watera kufupi ndi Vilankulo mu February 2023, ndiye ngati ulendo wagwera miyezi imeneyo muzimvera zanyengo tsiku lililonse musanakwere chapa, minibasi ya kumeneko, kupita kugombe.