Momwe mungachekere masamu a Fomu 4 pa foni ndi SymPy

Mphwanga amene akulemba MSCE kuno ku Kasungu anandisowetsa mtendere sabata yatha ndi ma surds, kakyuleta yake ukaipatsa √8 imangotulutsa 2.828 pomwe aphunzitsi akufuna 2√2. Ndiye ndinangomuikira SymPy pa foni. Iyi ndi yaulere, imayenda mu Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), ndipo imachita masamu ndi zilembo momwe timachitira mu kope, x amakhalabe x.

Choyamba dawunilodani Pydroid 3, app yoyendetsera Python, pa Play Store, bola pa wifi kapena bandulo ya usiku chifukwa ndi yolemerako. Mukatsegula pitani pa menu, dinani Pip, lembani sympy kenako Install, ikapempha plugin ingovomerani. Ikatha basi, data simuifunanso, olo muli ku Santhe netiweki ikuvuta zimagwirabe.

Nthawi zonse yambani ndi mizere iwiri iyi:

from sympy import *
x = symbols('x')

Wachiwiriwo ndi umene ambiri amaiwala, mukausiya foni imakukalipirani ndi NameError chifukwa sikumudziwa x.

Tsopano yesani print(sqrt(8)), ikupatsani 2*sqrt(2), ija aphunzitsi amafuna ija. print(factor(x**2 - 5*x + 6)) ibweretsa (x - 3)*(x - 2), mukachotsa factor nkuika solve ibweretsa [2, 3]. Solve imatenga kuti zomwe mwalembazo zikufanana ndi 0, ndiye zonse zisamutsireni mbali imodzi kaye. A Additional Maths, diff imachita differentiate, diff(x**3, x) ndi 3*x**2, integrate imabweza mmbuyo koma + C muziika nokha.

Pomwe mphwanga anakakamira ola lathunthu ndi kalembedwe. 5x sizitheka, lembani 5*x. Power ndi nyenyezi ziwiri, x**2, osati x^2 ya pa kakyuleta. Komanso 1/2 Python amaisandutsa 0.5 SymPy isanaione nkomwe, mukafuna fraction lembani Rational(1, 2). Dziwaninso kuti working siimaonetsa, imangokupatsani ansala, ndiye ma steps omwe amapatsa malikisi aja mulembe nokha mu kope kenako mufananize.

Chomwe chinandisangalatsa ine ndi loop, njira youza foni kuti ibwereze lamulo limodzi kangapo:

for n in range(1, 6):
    print(expand((x + 1)**n))

Imasindikiza mizere isanu ndipo manambala ake mukawayang'ana bwino ndi Pascal's triangle, wachinayi ukutuluka 1, 4, 6, 4, 1. Mzere wa print uja muulowetse mkati ndi ma space anayi, mukauyambira kumayambiriro itulutsa IndentationError.