Mmene ndimayesera ngati pulogalamu yapatula bwino thambo pachithunzi

Masiku ano pafupifupi pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi imatha kupatula thambo mukangodina kamodzi. Luminar 4 ya kampani ya Skylum inabwera ndi zimenezi mu 2019, Photoshop inatsatira mu Okutobala 2020 ndi Sky Replacement, kenako Lightroom inaika Select Sky mu Okutobala 2021. Koma zithunzi zimene makampaniwa amaonetsa potsatsa malonda zimakhala zosavuta: nyumba yosanja ya makona owongoka, kapena phiri losalala, kumbuyo kwake thambo la buluu lopanda kalikonse. Zithunzi zanga sizikhala choncho. Ndimajambula maukwati ndi malo, ndipo kumwamba kwa chithunzi changa mumakhala nthambi, mawaya a magetsi, denga la udzu ndi utsi wa tchire. N'chifukwa chake sindikhulupirira pulogalamu ndisanaiyese pa zithunzi zanga zovuta kwambiri.

Chimene tikuyesacho ndi mask. Ndi chithunzi china chakuda ndi choyera chimene chimauza pulogalamu pogwira: poyera isintha, pakuda isiya, potuwa isintha pang'ono. Ubwino kapena kuipa kwa mask kumaonekera m'mphepete, pamene thambo lakumana ndi chinthu china. Pakati pa thambo palibe pulogalamu imene imalephera.

Yambani ndi kusankha zithunzi zoyesera, muziike mufoda imodzi, ndipo musamazisinthesinthe. Pulogalamu iliyonse yatsopano izikumana ndi zithunzi zomwezo. Mufoda yanga muli mlambe wopanda masamba wa ku Mangochi, umene tinthambi take tambirimbiri tatchinga thambo. Muli jakaranda wa ku Blantyre atachita maluwa mu Okutobala, chifukwa mtundu wa maluwa akewo umayandikana ndi wa thambo ndipo umasokoneza njira zonse zodalira mtundu. Muli phiri la Mulanje nditalijambula kuchokera m'minda ya tiyi ku Thyolo nthawi ya utsi, pamene phiri ndi thambo zangotuwa mofanana. Muli nyanja ya Malawi masana, madzi ndi thambo zitalumikizana popanda malire ooneka. Chomaliza ndi mkwatibwi, velo yake ikuuluzika ndi mphepo. Chimenechi ndicho chovuta kuposa zonse, poti thambo limaonekera m'kati mwa nsaluyo.

Zithunzizo zikhale za RAW, mafayilo osunga zonse zimene kamera yajambula, ngati kamera yanu imalola, ndipo musanapatule kalikonse dinani Remove Chromatic Aberration mu Lightroom. Timizere tofiirira ndi tobiriwira timene lenzi imasiya m'mphepete mwa nthambi tikatsala, mudzaimba mlandu mask pa vuto la lenzi.

Mukapatula thambo, musathamangire kuona chithunzi chokongola. Onani mask yeniyeniyo. Mu Lightroom dinani O kuti ioneke, ndipo sankhani White on Black kuti chithunzi chisakusokonezeni. Mu Photoshop gwirani Alt n'kudina pa kabokosi ka mask. Kulitsani mpaka 100%, pena 200%, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mphepete monse kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Pa mlambe uja, mask yabwino imaonetsa nthambi iliyonse yakuda bii, ndi timipata toyera pakati pake. Mask ya Select Sky nthawi zambiri imaonetsa mtengowo ngati uli m'chifunga chotuwa, kusonyeza kuti chilichonse mungachite pa thambo chidzagwiranso nthambi.

Tsopano ipanikizeni, monga mmene timathirira madzi mu ndowa imene yangowotchereredwa kuti tione podontha. Tsitsani Exposure, kutanthauza kuwala, ya thambo lokhalo kufika pa -2, ngakhale mukudziwa kuti simungapereke chithunzi chotero kwa munthu. Mu Photoshop kapena GIMP ndimachita zoposa apa: ndimachotsa thambo lonse n'kuika pansi pake layer ya pinki wowala, ngati pepala loyalidwa kunsi kwa chithunzi. Pamenepo palibe chobisika. Mukaona mzere woyera ukutsata msana wa phiri, mask yalekeza msanga. Nsonga za nthambi zikada ngati zapsa, ndiye kuti mask yalowerera. Timipata ta pakati pa masamba tikatsala towala pamene thambo lonse lada, pulogalamu sinatione. Onaninso mawaya: ena amadukaduka, ena amazimiririka pakati n'kutulukiranso pafupi ndi polo.

Pa chithunzi cha Mulanje ndi cha nyanja, funso limakhala lina. Kodi pulogalamu yadziwa pamene thambo lathera? Nthawi zina imatenga nsonga zakutali ngati mitambo n'kuzidetsa pamodzi ndi thambo. Panyanja imatha kutsikira m'madzi, kapena kudula mzere wakuthwa pamalo pamene maso a munthu amaona kusungunuka kofewa. Mzere wakuthwawo ndimadana nawo kwambiri, chifukwa ndi umene umachititsa chithunzi cha nyanja yathu kuoneka ngati chomata.

Njira yodina kamodziyi ili ndi zoithandizira. Mu Lightroom, mukapanga Select Sky, dinani Subtract, musankhenso Select Sky, kenako Invert. Zimaoneka ngati mwabwereza zomwezo, koma chifunga chotuwa chija chimachepa pa nthambi. Ngati sizinakwane, gwiritsani Intersect ndi Luminance Range kuti mask igwire zowala zokha, zakuda izisiye. Mukatero panikizaninso ndi -2 uja muone ngati pasintha.

Pa mitengo, njira imene ndimaidalira ndi yakale, ya Blue channel, gawo la chithunzi loonetsa kuchuluka kwa buluu pamalo aliwonse. Thambo la buluu limawala kwambiri mu channel imeneyi, pamene masamba ndi makungwa zimada, ndiye theka la ntchito limakhala litachitika kale. Mu Photoshop tsegulani Channels, pangani kope ya Blue, dinani Ctrl ndi L kuti mutsegule Levels, n'kukokera zakuda ndi zoyera m'kati mpaka mtengo ude ndipo thambo liyere. Apa pamafunika dzanja lofatsa. Mukakoka kwambiri, tinthambi tating'ono timatha, ndipo m'mphepete mumakhala manomano. Ndi bwino kulekeza pakadali potuwa pang'ono, n'kumalizitsa ndi brush mutaiika pa Overlay: yoyera imayeretsa thambo osakhudza nthambi, yakuda imadetsa nthambi osakhudza thambo. Zikatha, gwirani Ctrl n'kudina pa channel ija kuti ikhale selection. Njirayi imadya nthawi, koma mlambe umatuluka ndi nthambi zake zonse. Pa jakaranda imalephera, chifukwa maluwa aja amawalanso mu Blue. Pamenepo yesani Red channel, kapena yambani ndi Select Sky n'kukonza maluwawo ndi dzanja.

Amene mulibe ndalama yolipira Adobe, kampani ya Photoshop ndi Lightroom, mwezi ndi mwezi musadzione otsalira. GIMP ndi darktable ndi zaulere. Mu GIMP mungatulutse Blue channel kudzera pa Colors, Components, Extract Component. Mu darktable muli parametric mask imene imasankha potengera kuwala ndi mtundu, ndipo feathering yake, yofewetsa malire a mask, imatsata m'mphepete mwa zinthu bwino ndithu.

Velo ya mkwatibwi sindiidula konse. Mu Lightroom ndimaika Linear Gradient, mask yozirala pang'onopang'ono, kuchokera kumwamba, n'kuchotsamo munthuyo ndi Select Subject, ndipo thambo ndimangolidetsa pang'ono. Kuika thambo lina kumbuyo kwa velo kumafuna kuti mtundu watsopanowo uonekerenso m'nsalu, ndipo sindinakhutirepo ndi zimene mapulogalamu amatulutsa pamenepa. Ngati mwaganiza zosintha thambo lonse pa chithunzi china, onani kumene mithunzi ya anthu yagwera, dzuwa la thambo latsopanolo likhale mbali yoyenera, ndipo ngati pali madzi, mitambo yatsopanoyo ionekenso m'madzimo. Chithunzi cha nkhani kapena cha umboni musachisinthe thambo.

Palinso vuto limene si la mask koma limatulukira nthawi yomweyi. JPEG ndi ya 8-bit, kutanthauza masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 14-bit ili ndi 16,384. Mukadetsa kwambiri thambo la JPEG, buluu wosalala uja amasanduka mikwingwirima. Gwirani ntchito mu 16-bit, ndipo mikwingwirima ikaonekabe onjezerani Grain, timadontho tonga mchenga, pang'ono kwambiri. Madontho a fumbi la pa sensa nawonso amatulukira thambo likada, choncho afufuteni musanatseke.

Pomaliza bwezerani Exposure pamene mukufunadi, kawirikawiri osapitirira -0.5 kapena -0.7, mutulutse chithunzicho, mudzitumizire pa WhatsApp. Makasitomala anga ambiri amaonera pamenepo, ndipo WhatsApp imafinya chithunzi, moti mikwingwirima ndi mzere woyera zimene pakompyuta zimabisala zimatha kuonekera pafoni. Muli ndi foni m'manja, lembani m'kabuku dzina la pulogalamu, chithunzi chimene mwayesera, pamene yalephera, ndi mphindi zimene mwatha pokonza ndi dzanja. Pulogalamu ikasinthidwa, tsegulani foda yomwe ija muyesenso, chifukwa Select Sky yatsopano imatha kudula mosiyana ndi yakale.