Database yangoyamba kuchedwa mwadzidzidzi? Yambirani apa

Mwezi watha anandiimbira foni a pa loji ina ya kunyanja kuno ku Mangochi kuti sisitimu yolembera alendo ikungozungulira, kusaka kasitomala mmodzi mpaka munthu kukamwa tiyi n'kubwerako, chonsecho dzulo lake zimayenda bwinobwino. Abwana anali atagamula kale kuti ndi netiweki.

Choyamba funsani kuti chasintha n'chani. Aliyense akuuzani kuti palibe, musawamvere.

Kenako onani makinawo, lamulo la top likuonetsani chomwe chikudya purosesa ndi memory, la df -h likuonetsani malo otsala pa disiki. Kutentha kwa Okutobala kuno si masewera, seva ikakhala m'kachipinda kopanda zenera fani itadzadza fumbi purosesa imachepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ngati magetsi angobwera kumene dikirani kaye, zomwe MySQL (pulogalamu ya database yosunga zolemba zonse za sisitimu) inasunga mu memory zapita ndiye ikuwerenganso kudisiki.

Tsopano lembani SHOW FULL PROCESSLIST mu MySQL muone query (funso lomwe sisitimu imatumiza ku database) yomwe yakhalitsa kapena yatsekereza zinzake. Yatsaninso slow query log, kaundula wa ma query ochedwa, koma long_query_time, malire oti query ilowe m'kaundulamo, imabwera ili pa masekondi 10, itsitseni ifike pa 1 apo ayi simugwira kanthu.

Mukaipeza query yochedwayo ikani EXPLAIN kutsogolo kwake kuti MySQL ikuuzeni m'mene ikusakira, ndipo apa m'pomwe ine ndinagwa nayo. Ndinaona index (kalozera wothandiza MySQL kupeza mzere msanga) ya column ya foni, gawo la tebulo losunga nambala za makasitomala, ilipo ndiye ndinati basi si vuto limenelo, n'kuyamba kunamizira disiki, mpaka kuwagulitsa abwana disiki ina ya SSD kwa mkulu wina wa pa Facebook yemwe anati ndi orijinolo ya ku Joni, mtengo wotsika mokayikitsa, itabwera pa minibasi inakana n'kuonekera komwe mu kompyuta ndipo foni yake mpaka lero siikupezeka. Nditabwerera ku EXPLAIN uja modekha ndi pomwe ndinaona type yalemba ALL, key yalemba NULL. Index ilipo inde koma siikugwiritsidwa ntchito, MySQL ikuwerenga tebulo lonse mzere ndi mzere.

Chinachitika n'choti mnyamata amene amawakonzera sisitimu anasintha code usiku n'kuchotsa ma quotes (' ') pa nambala ya foni mu query. Column ya foni ndi VARCHAR, imasunga ngati mawu osati nambala poti nambala zathu zimayamba ndi 0 paja, ndiye ukaifananiza ndi nambala yopanda ma quotes MySQL imayamba kusandutsa mzere uliwonse kukhala nambala, index n'kungokhala. Tinabwezera timizere tiwiri timeneto basi zinatheka, masiku awiri nditataya.

Ngati kwanu si zimenezo thamangitsani ANALYZE TABLE, nthawi zina ma statistics omwe MySQL imadalira posankha index amakhala akale. Onaninso innodb_buffer_pool_size, kukula kwa memory yomwe MySQL imasungiramo data, imabwera ili 128MB yokha. Backup isamayende masana anthu akugwira ntchito. Ogwiritsa ntchito PostgreSQL m'malo mwa MySQL onani pg_stat_activity, ndiyo PROCESSLIST yakumeneko, koma EXPLAIN ANALYZE imathamangitsadi query ndiye musaiyesere pa DELETE, ifufutadi data yanu.