Mmene Ndinakonzera Inbox Imene Inasiya Kulandira Mauthenga

Inbox ndi malo a mu imelo kumene mauthenga obwera amafikira ndi kudikira kuti awerengedwe, ndipo kwa ife ogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, ndi kumene maoda a makasitomala amagwera. Mwezi watha mauthenga anasiya kulowa, makasitomala n'kumadandaula kuti makalata awo akubwerera.

Vuto linali lakuti malo osungira zinthu pa akaunti yathu ya Google anali atadzaza, ndipo silinali mu inbox mokha ayi. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, koma malowo amagawidwa pakati pa Gmail (imelo ya Google), Google Drive (mosungira mafayilo) ndi Google Photos (mosungira zithunzi), kotero zithunzi za katundu zimene foni inkasunga yokha zinali zitadya gawo lalikulu. Ndinazikopera pa kompyuta, kenako ndinazichotsa ku Google Photos. Mu Gmail ndinalemba larger:10M pamalo ofufuzira, ndipo mauthenga onse aakulu kuposa 10 MB anaonekera pamodzi kuti ndiwafufute. Musavutike ndi batani la Archive, chifukwa limangochotsa uthenga pamaso koma malo saonjezeka.

Kufufuta kokha sikukwanira, pakuti mauthenga ofufutidwa amakhala mu Trash (motayira mauthenga) masiku 30 akudyabe malo. Nditakhuthula Trash ndi Spam (mogwera mauthenga osafunika), maoda anayambanso kufika m'mawa mwake.