Galimoto ikamagogoda kumbuyo, yambani mwayang'ana mabushi

Anzanga oyendetsa galimoto kuno ku Zomba, makamaka inu oyenda msewu wa ku Chingale ndi wa ku Kachulu: mukamva gudugudu kumbuyo podutsa pabampu, musathamangire kugula mashoko. Nthawi zambiri amakhala mabushi atha, timalabala tija tokhala polumikizira zitsulo zogwira matayala kunsi kwa galimoto.

Kwezani galimoto pamalo athyathyathya, muichirikize ndi sitandi, chitsulo chokhazikapo galimoto ikakwezedwa. Jeki yokha musaidalire, imaphetsa. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, mnzanu aponde buleki. Kusewerako kukaleka, vuto ndi bering'i. Kukapitirira, ndi bushi kapena jointi. Kenako pinjirizani chitsulo m'mbali mwa bushi iliyonse muone ngati ikusuntha. Labala wong'aluka, dzimbiri lofiira lothothoka pabawuti, kapena tayala lodyeka chamkati mokha, zonsezi zikuloza komweko.

Posintha, sinthani mbali zonse ziwiri. Ndipo apa muimepo ndithu, chifukwa amakaniko ena amachita changu: mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatera pansi, matayala atasenza kulemera kwake. Akamangidwa galimoto ili m'mwamba, labalayo amapotoka n'kung'ambika msanga, ndalama n'kupita pachabe. Mukatero kachititseni alayimenti, kuwongoletsa kaimidwe ka matayala, musanakwere msewu wokhotakhota wa ku Chawe.