Mabowo akaphonyana siyani gasi, tengani reamer

Amisiri anzanga, mukuidziwa nthawi ija mwakweza chitsulo m'mwamba, crane ikudikira, mapuleti agundana bwinobwino koma bawuti ikukana kulowa chifukwa mabowo aphonyana pang'ono. Ambiri apa amathamangira gasi n'kuwotcha bowo lija mpaka bawuti ilowe. Chonde musamatero. Moto umasiya bowo lokumbikakumbika, m'mphepete mwake mumauma gwa ndipo mumatha kuyambika timing'alu tosaoneka ndi maso, ndiye pa chitsulo chonyamula katundu wogwedezeka timing'alu timeneti timanka tikukula. Komanso bowo lowotchedwa kale mukadzalowetsamo reamer, chida chokuzira ndi kusalazira bowo lobooledwa kale, mano ake amatheratu tsiku lomwelo.

Ma reamer alipo mitundumitundu ndipo apa ndi pomwe anthu amaonongera ndalama. Ya ntchito yomanga zitsulo ndi bridge reamer, dzinali linachokera ku milatho nthawi ija ankalumikiza ndi ma rivet. Ndi yaitali, kutsogolo yowonda, imanka ikunenepa mpaka kufika pa saizi yake, ndiye nsongayo imalowa ngakhale mabowo ataphonyana n'kumadya pang'onopang'ono mapuleti onse pamodzi. Zambiri mizere yake imapotokera kumanzere pomwe iyo imadula ikuzungulira kumanja, cholinga zinyenyeswa zizikankhidwira kutsogolo komanso isamadzikoke yokha n'kukutsomphorani mashini m'manja.

Ija ya pa lathe kapena pa drill ya patebulo ndi nkhani ina, ntchito yake ndi kusalaza bowo la pini kapena bushi. Bowo la 20 mm la H7 (muyezo wonena malire a kukula kwa bowo) liyenera kukhala pakati pa 20.000 ndi 20.021 mm, drill payokha singafikepo. Mumaboola mosiya pafupifupi 0.2 mpaka 0.4 mm kuti reamer imalizitse. Mukasiya zochepa kwambiri imangokhula osadula n'kubuntha, mukasiya zambiri imatsamwa. Imeneyi musayerekeze kuipititsa ku mabowo ophonyana, ithyoka basi.

Pogula bridge reamer, saizi yake ndi ya bowo osati ya bawuti. Bawuti ya M16 imafuna bowo la 18 mm, M20 la 22, M24 la 26. Onaninso kumchira kwake, pali za Morse taper (mchira wonka nuwonda) zolowa pa mag drill (drill yomamatira pa chitsulo ndi maginito), pali za hekisi zomwe zimagwidwa ndi soketi ya impact wrench. Pa chitsulo wamba ngati S275 kapena S355, reamer ya HSS (chitsulo cholimba chopangira zida zodulira) ikukwanira. Pa stainless tengani ya cobalt, ya mtundu wa M35 imakhala ndi cobalt 5 peresenti, ya M42 ndi 8. Ya carbide ine pa site sindingakulangizeni, ndi yolimba inde koma imasweka msanga mashini akangogwedera m'manja.

Musanayambe kudula, lowetsani mabawuti m'mabowo omwe akumana kale ndipo mumange ndithu kuti mapuleti asasewere komanso zinyenyeswa zisalowe pakati pawo. Kokani ndi drift pini (pini yosongoka yokumanitsira mabowo), nthawi zina bowo limakumana lokha osafuna n'komwe reamer. Koma chala ayi! Osapisa chala m'bowo kuti mumve ngati lakumana, chitsulo chikangosuntha pang'ono chimadula ngati sizasi.

Liwiro likhale pafupifupi theka la lomwe mumaboolera ndi drill ya saizi yomweyo, koma kukankha kukhale kwamphamvu kosadukiza, osati kumangoigwedeza pakamwa pa bowo. Oyilo wodulira thirani osaumira. Mvetserani kaliridwe kake, ikamadula bwino imalira mofatsa ndipo zinyenyeswa zimatuluka zowala, ikayamba kulira mokwiya tswii ndipo zinyenyeswa zikubwera zabuluu ndiye kuti mwathamangitsa kapena yabuntha. Potulutsa izizungulirabe kumanja komweko. Mukaibweza rivesi zinyenyeswa zimapanikizika kuseri kwa mano n'kuwabenthula, ndipo izi ndi chimodzimodzi ngakhale pa ija yapamanja yopotokola ndi chogwirira cha tapu. Magalasi m'maso, malaya olendewera m'mikono pindani, chogwirira cham'mbali cha mashini chimangidwe.

Mukamaliza chotsani timinga totsalira m'mphepete mwa bowo ndipo pukutani oyilo. Izi anthu amazipeputsa, koma pali majoyinti ena omwe mphamvu yake imadalira kukhulana kwa mapuleti akamangidwa ndi mabawuti okoka kwambiri, oyilo akalowa pakati ndiye kuti joyinti ija itereka.

Reamer ili ndi malire. Mabowo ophonyana akadulidwa limodzi, puleti iliyonse imatsala ndi bowo ngati dzira, ndipo chitsulo chotsala pakati pa bowo ndi m'mphepete chimachepa. Ngati mukasuzumira mukuona gawo lalikulu la bowo litatsekeka ndi puleti yakumbuyo, imani kaye muitane injiniya, iyeyo ndi amene anganene ngati mukuze bowo n'kuika bawuti yokulirapo kapena mupange puleti ina. Reamer ija muipukute, muipake oyilo pang'ono n'kuibwezera m'kachubu kake, osaiponya m'bokosi limodzi ndi masipanala chifukwa mano ake amabenthukira momwemo.